Whip, chikoti ndi mvuu za m'nyanja yathu

Ana inu a ku Makanjira, mukamamvera wailesi aphungu ali mkati mokambirana ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, mumamva akutchula wina kuti Chief Whip. Amene mwaphunzira kale kuti whip ndi chikoti mwina mumadabwa: kodi m'nyumba yolemekezekayo muli munthu woyenda ndi chikoti m'manja? Ayi ndithu. Ameneyu ndi phungu yemwe chipani chake chamupatsa ntchito yoonetsetsa kuti anzake afika pa zokambirana ndipo avota mogwirizana.

Dzinali linachokera kwa alenje a ku England osaka nkhandwe ndi agalu ambirimbiri. Mlenje mmodzi, wotchedwa whipper-in, ankaliza chikoti kuti galu wosochera abwerere m'gulu. M'zaka za m'ma 1700 Angerezi anayamba kutchula aphungu ena ndi dzinali, ndipo ife tinalitengera kwa iwo.

Kalekale mawu a whip ankanena za chinthu chogwedezeka mofulumira, uku ndi uku. N'chifukwa chake mpaka lero Mngerezi akamatakasa mazira mwamphamvu kuti achite thovu, amagwiritsanso ntchito mawu omwewa. Alinso ndi anzake. Lash ndi kukwapula, ndiponso ndi dzina la chingwe chowonda cha kunsonga kwa chikoti. Flog ndi mawu olemera kwambiri, onena za kukwapula munthu pomulanga.

Nanga mwamvapo woyendetsa ngolo akuliza chikoti kuti phwaa, ng'ombe osaikhudza n'komwe? Phokosolo silichokera pa kumenya kanthu. Chikoti n'chonenepa kogwirira, chowonda kunsonga. Mkono ukachiponya, mphamvu yonse imathamangira kowondako, mpaka nsongayo imapitirira liwiro la mawu mumpweya, lomwe ndi makilomita oposa 1,200 pa ola. Mpweya ndiwo umalira choncho.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Mkwapulo ndi mawu athuathu, ochokera ku kukwapula. Koma chikoti ndi mlendo: Apwitikizi, amene analamulira Mozambique mpaka 1975, amati chicote, ndipo inu mukudziwa kuti malire a dzikolo ali pafupi ndi kwanu. Ena amati chamboko, kuchokera ku sjambok ya ku South Africa, kumene agogo athu ambiri ankagwira ntchito m'migodi. M'Chiswahili muli chodabwitsa china: kiboko ndi mvuu, kiboko yomweyonso ndi chikoti. Chifukwa chake n'chakuti zikoti zowawitsitsa ankazipanga ndi chikopa cha mvuu, ngati zomwe mumaziona zikusuzumira m'madzi pafupi ndi bango. Chikopachi n'chochindikala, pena mpaka masentimita 5. Ankachilenga m'mizere yaitali, n'kuiumitsa, n'kuipala mpaka ikhale yobulungira ndi yowonda kunsonga.

Apa mtima umandipweteka, koma muyenera kudziwa. M'zaka za m'ma 1800, gombe la Makanjira linali doko lalikulu la malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo. Zombo za matanga zinkaolotsa anthu ogwidwa kutsidya la nyanja, ndipo kuchokera padokopo ankayenda pansi ulendo wautali wopita kugombe la nyanja ya mchere ya Indian, wotopa akukwapulidwa. Atsamunda atathetsa malondawo, chikoti sanachitaye: nawonso ankalanga nacho anthu akuda m'minda yawo ndi m'ndende. Malamulo aakulu a dziko lathu a 1994, mu gawo 19, analetsa makhoti ndi nthambi zonse za boma kulanga munthu pomukwapula. Limeneli ndi lamulo labwino, ndipo ndi lanu inunso.

Madzulo ano mufunse agogo kuti chikoti amachitchula bwanji m'Chiyao, ndiponso zomwe anamva kwa makolo awo za masiku amenewo. Mulembe m'kope mwanu, mawa mukauze anzanu kusukulu.