Loya ndi Lichero Lake

Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa ntchito imene imabwera chimanga chikakonoledwa. Mayi akachikhuthula mumtondo, mphale, misere ndi gaga zimakhala pamodzi. Amatenga lichero n'kuyamba kupeta, mpaka gaga apite kwake, mphale itsale yoyera. Mwana wongophunzira kumene amataya mphale yambiri pansi, nkhuku n'kumatola, koma akamapeta tsiku ndi tsiku manja amazolowera. Wachinyamata amene ukulakalaka uloya, ntchito imene ukufunayo ndi yopeta.

Ambiri amayesa kuti loya wabwino ndi woloweza malamulo onse pamtima, kapena wa pakamwa pakuthwa. Koma chigamulo cha jaji chimafika ngati chimanga chochoka mumtondo. Muli nkhani ya zimene zinachitika, zonena za mbali zonse ziwiri, zitsanzo, ndiponso maganizo amene jaji wangolankhula modutsa. Mwa zonsezi, chimene makhoti aang'ono amakakamizika kutsata ndi chimodzi: chifukwa chenicheni chimene chigamulocho chaimirapo. Maloya amachitchula m'Chilatini kuti ratio decidendi. Imeneyo ndiyo mphale. Zonena modutsa zija amati obiter dicta, ndipo ndiye gaga.

Titenge mlandu umene ophunzira malamulo amakumana nawo m'zaka zoyambirira. Mu 1928, ku Paisley m'dziko la Scotland, mayi wina dzina lake May Donoghue anamwa chakumwa cha jinja chimene mnzake anamugulira. Botolo linali lakuda, losaoneka mkati. Iye anati atamwako, mnzakeyo n'kuthira chotsalacho, munatuluka nkhono yowola, ndipo anadwala. Popeza sanagule yekha, panalibe mgwirizano wa malonda pakati pa iye ndi wogulitsa, choncho anasumira wopanga chakumwacho, David Stevenson. Mu 1932, khoti la House of Lords, majaji atatu motsutsana ndi awiri, linagamula kuti dandaulo lake linali lomveka pamalamulo.

Wophunzira wosadziwa kupeta amakumbukira nkhono ija basi. Komatu nkhonoyo ndi gaga, moti ngakhale khoti silinafike pofufuza ngati inalimodi m'botolo. Mphale yake ndi iyi: wopanga katundu amene amafika kwa womugwiritsa ntchito popanda mpata woti wina amuyendere panjira, ali ndi udindo wosamala kuti katunduyo asavulaze munthu. N'chifukwa chake mu 1935 mfundo yomweyi inagwira ntchito pa mlandu wa Grant wa ku Australia, amene anatuluka zilonda atavala zovala zamkati zotsalira mankhwala a kufakitale. Kumeneko kunalibe botolo, kunalibe nkhono, koma mphale inali yomweyo. Makhoti a kuno kwathu amaitsatanso, poti njira yoweruza potsata zigamulo zakale tinaitengera ku England.

Gaga nayenso satayidwa. Amadyetsa nkhuku ndi nkhumba, ndipo chaka cha njala amapulumutsa banja. Momwemonso mawu a jaji onenedwa modutsa, kapena maganizo a jaji amene anatsutsana ndi anzake, sakakamiza khoti lililonse, koma pa nkhani yatsopano imene palibe chigamulo chakale, loya wanzeru amawatola kuti akope nawo khoti.

Mayi wosamala sangotapa chimanga m'nkhokwe osayang'ana ngati chafumbwa. Mu 2000, pa mlandu wa Gwanda Chakuamba, khoti la Supreme linatanthauzira gawo 80 la malamulo aakulu a dziko lino kuti wopambana upulezidenti ndi amene waposa anzake mavoti. Pa 8 May 2020, khoti lomwelo linasiya maganizo amenewo, n'kunena kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka la onse. Wopita kukhoti lero ndi chigamulo cha 2000 wanyamula chimanga chofumbwa. Ndipo ufa ukachoka kuchigayo umadutsa pa sefa. Sefa wathu ndi gawo 5 la malamulo aakuluwo, limene limati lamulo lililonse losemphana nawo lilibe mphamvu pa mbali imene lasemphanayo.

Nanga manja azolowere bwanji? Werenga chigamulo chimodzi tsiku lililonse, chenichenicho, osati manotsi a mnzako okha, chifukwa palibe amene anaphunzira kupeta poonerera. Zigamulo zambiri za makhoti athu zikupezeka kwaulere pa intaneti pa tsamba la MalawiLII. Ukamaliza, tseka n'kuyankha mafunso anayi pa pepala limodzi: chinachitika n'chiyani, khoti linafunsidwa chiyani, linayankha bwanji, nanga chifukwa chake n'chiyani? Kenako ufotokozere munthu wa kunyumba m'Chichewa. Agogo akapanda kumva, ndiye kuti gaga akadalimo. Ndi anzako muzigawana mbali, wina aimire wodandaula, wina woyankha, mawa musinthane. Pa tchuthi kakhale pa benchi ya kumbuyo m'khoti la majisitireti, umve mmene mboni zimafunsidwira.

Njira yake ndi yaitali: digiri ya malamulo, monga ya ku University of Malawi ku Zomba, kenako maphunziro a kagwiridwe ka ntchito ku Malawi Institute of Legal Education, ndiyeno kuvomerezedwa ndi khoti kuti uziimira anthu. Ukadzafika, munthu woyamba kugogoda pa ofesi yako mwina adzakhala mayi wamasiye amene achibale a mwamuna wake amulanda nyumba. Adzayambira nkhani yake pa tsiku la ukwati, adzadutsa pa matenda ndi maliro, misozi ili mbwembwembwe. Usadzamudule mawu. Udzamvetsere zonse, chifukwa tsiku limodzi, kalata imodzi kapena mboni imodzi imene ingamubwezere nyumbayo ili momwemo. Ndalama zake zimene wakusungitsa usadzazisakanize ndi zako, ndipo mlandu ukakhala wofooka udzamuuze zoona.

Mayi ameneyo sadzafunsa kuti unaloweza milandu ingati. Adzafuna munthu wodziwa kupatula chofunika pa chosafunika. Tenga lichero lako lero, uyambe kupeta.