Nsonga ya Chingwe: Luso la Msodzi wa pa Phiri la Zomba

Amene anakulira m'mbali mwa nyanja ya Chilwa amadziwa kuti matemba amagwidwa ndi khoka, ndipo mlamba sukana mbedza ya nyongolotsi. Koma owerenga athu akadzakwera phiri la Zomba, kupyola pa Ku Chawe mpaka ku mtsinje wa Mulunguzi, adzamva za usodzi wa mtundu wina. Kumeneko ndiko kunaikidwa nsomba ya trout, imene Azungu anabwera nayo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ataona kuti madzi a paphiripo ndi ozizira.

Nyambo yowedzera nsombayi ndi nthenga zomangidwa pa mbedza mofanizira kachilombo kouluka. Popeza nyamboyo ndi yopepuka, chimene chimaponyedwa ndi chingwe cholemera. Tsoka lake nlakuti madzi a Mulunguzi ndi oyera mbee, ndipo chingwe chotere chikagwa pafupi, nsomba imathawa. Nchifukwa chake pakati pa chingwe ndi mbedza amalumikizapo nsonga yopyapyala, imene Angerezi amaitcha leader. Msodzi amapata kapena kumanidwa pa nsonga imeneyi.

Nsonga yowedzera trout kawirikawiri imatalika mamita 2.7, ndipo imakhala ndi zigawo zitatu. Chigawo choyamba ndi chonenepa, ndipo ambiri amachipatsa magawo 60 pa 100 a utali wonse, kuti chilandire mphamvu ya chingwe poponya. Chachiwiri, cha magawo 20, chimanka chicheperachepera. Chotsiriza, cha magawo 20 otsalawo, ndicho chopyapyala koposa ndipo chimamangidwa ku mbedza. Chikanenepa, nsomba imachiona. Chikapyapyala mopitirira, chimaduka nsomba itakola kale.

Kale nsongazi zinkachokera ku mbozi zopanga silika. Nailoni, amene anatulukiridwa ku America mu 1935, ndiye anasintha zinthu. Komabe ngakhale nailoni wolimba amafooka pa mfundo. Choncho msodzi wanzeru amanyowetsa mfundo ndi malovu asanaikoke, pakuti kukhulana kwa nailoni wouma kumabala kutentha kumene kumamfooketsa. Akatero amaikoka ndi manja kuiyesa asanaponye.

Tisaganize kuti nsonga imodzi imakwanira paliponse. Ku nyanja ya mchere, monga ku zilumba za Bazaruto ku Mozambique, mphepo ndi yamphamvu ndipo nyambo ndi zazikulu, kotero nsonga imakhala yonenepa ndi youma. Nsomba zina za kumeneko, monga barracuda, zili ndi mano odula nailoni, ndipo asodzi amaika kawaya kakafupi kumbedza. Nawo mpikisano uli ndi malamulo: bungwe la IGFA limalamula kuti kawaya kapena nailoni woteteza ku mano asapitirire mainchesi 12. Msodzi wa ku Bazaruto amaopa mano a nsomba, pamene wa ku Mulunguzi amaopa maso ake.

Kwa anyamata ndi atsikana amene atsiriza sukulu, luso limeneli silofunika chuma chambiri: nailoni wa makulidwe atatu, kampeni ndi kufatsa basi. Aphunzitsi angathenso kuphunzitsirapo kuyeza ndi kugawa pa 100. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

M'chigawo chotsatira tidzakamba za kamangidwe ka nyambo za nthenga.