Madzi a pamsana si amene akupha ana athu

Kuchokera ku Bembeke mpaka ku Lobi, mawu akuti "tikufuna timutenge madzi a pamsana" amathawitsa makolo ena m'chipatala usiku, mwana ali kumbuyo. Akuti singano yotengera madziwo ndi imene imapha. Bodza limeneli latikwana.

Mwana amene amamutenga madziwo amakhala atadwalika kale: thupi lili moto, khosi lauma, liwombo latukuka, mwina akukomokakomoka. Ambiri amafika mochedwa, atamwetsedwa Bactrim wa pagolosale poganiza kuti ndi chifuwa cha m'nyengo yozizira ya kuno ku Dedza. Akamwalira, zala zonse zimaloza singano.

Singanoyo imalowa m'munsi mwa msana, kupyola pamene mtsempha waukulu wochokera ku ubongo umathera. Amatenga madontho ochepa, ndipo thupi limabwezeretsa madziwo tsiku lomwelo. Madonthowo ndi amene amaulula kachilombo kamene kadwalitsa mwana, chifukwa matenda oumitsa khosi ali ndi eni ake ambiri. Haemophilus influenzae b anachepa kwambiri katemera wake atayamba m'dziko muno mu 2002. Pneumococcus ali ndi katemera wake kuyambira mu 2011, koma sanathe. Makanda amagwidwa ndi Group B Streptococcus, E. coli kapena Klebsiella, ndipo mwana wonyentchera kapena wochepa magazi amapezeka ndi Salmonella. Kulabotale amameretsa tizilomboto m'kambale, n'kuikamo timapepala tonyowetsedwa ndi mankhwala osiyanasiyana. Pamene mankhwala ali ndi mphamvu, pozungulira kapepalako pamayera. Pamene tizilombo tapima, timamera mpaka kukakhudza kapepalako.

Ndipo tapimadi. Kale penicillin ndi chloramphenicol ankakwanira. Lero madokotala amadalira jakisoni wa ceftriaxone. Koma kafukufuku wa Malawi-Liverpool-Wellcome pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anapeza kuti Klebsiella wa m'magazi wosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone anali pafupifupi 12 pa 100 alionse mu 2003, koma pofika 2016 anali atapitirira 90. Timapimitsa tizilombo ndife tomwe, pomwa makapusozi awiri chimfine chikatigwira n'kusungira ana otsalawo. Tofooka timafa, tolimba n'kutsala kuti tiswane.

Choipa china, mapiritsi a kunyumbawo nthawi zambiri safika mokwanira ku ubongo, koma amatha kulepheretsa tizilombo kumera kulabotale. Dokotala amangotsala n'kuganizira. Ndiye kholo likakananso madzi a pamsana, mwanayo athandizidwa bwanji?

Matendawa amatha kupha m'masiku awiri okha, ndipo ena opulumuka amatsala ogontha kapena akhunyu. Mwana akatentha thupi n'kuuma khosi, kukomoka kapena kukana bere, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Akapempha madzi a pamsana, vomerani.