Okonda Liwiro ku Rufunsa Saiwala Tsiku la 7 August

Anthu a m'boma la Rufunsa, monganso anzao a m'madera ena a dziko lino, amadziwika ndi kukonda mpira wa miyendo. Koma pakati pao pali kagulu kena, makamaka aphunzitsi a masewera ndi ana a sukulu, kamene mtima wake uli pa liwiro, ndipo kagulu kameneka kali ndi tsiku limodzi pa caka limene sikaliiwala, ndilo la 7 August.

Pa tsikuli m'caka ca 2024, usiku nthawi itapitirira 21 koloko, anyamata asanu ndi atatu anaima pa mzere mu mzinda wa Paris kuti alimbirane mendulo za Olympic pa liwiro la mamita 400. Mmodzi wa iwo anali Muzala Samukonga wa ku Zambia, wa zaka 21. Cinali caka ca cilala, madzi atacepa ku Kariba ndipo magetsi akuzimazima, kotero kuti m'midzi ya m'mbali mwa mseu wa Great East amene anaona mpikisanowu ndi okhao anali ndi kanema wa sola kapena foni. Ena anamva mbiri yake pa wailesi kutaca.

Samukonga anafika wacitatu, atathamanga masekondi 43.74, nthawi imene munthu wa ku Zambia anali asanaifikepo. Woyamba anali Quincy Hall wa ku America ndi 43.40, waciwiri Matthew Hudson-Smith wa ku Britain ndi 43.44. Kwa munthu wongomva, manambalawa aoneka ngati cinthu cimodzi, koma wokonda liwiro amadziwa kuwawerenga. Pa liwiro lotere munthu amadutsa mamita 9 pa sekondi imodzi, ndiye kuti pakati pa Hall ndi Samukonga panali mamita atatu okha. Jereem Richards wa ku Trinidad and Tobago, amene anafika wacinai ndi 43.78, anatsalira kumbuyo kwa mnyamata wa ku Zambia ndi kamtunda kosakwana theka la mita, nabwerera kwao cimanjamanja.

Liwiro la mamita 400 ndi lozunza kwambiri. Wothamanga amazungulira bwalo kamodzi kokha, koma sangasunge mphamvu monga acitira a mitunda itali-itali, komanso mphamvu za liwiro lenileni zimatha asanafike kumapeto. M'mamita 100 otsiriza miyendo imalema ngati misi, ndipo amene amapambana ndiye amene liwiro lake latsika pang'ono kuposa la anzake. Apa ndi pamene Samukonga amakondedwera, popeza cizolowezi cake ndi kutulukira kumbuyo anthu atataya kale mtima. Anacita zomwezo pa 7 August 2022 ku Birmingham pa masewera a Commonwealth, pamene anapitirira Hudson-Smith yemweyo pamaso pa anthu a kwao, natenga mendulo ya golide ndi 44.66. Atadutsa mzere anagwa pansi, ndipo anamucotsa m'bwalo pa njinga ya odwala.

Akulu-akulu okonda liwiro, amene anamvera masewera pa wailesi kalelo, salola kuti nkhani ithere pa Samukonga. Iwo amakumbutsa acinyamata za a Samuel Matete, mbadwa ya ku Chingola, amene liwiro lao linali la mamita 400 omwewo koma lolumpha timipanda khumi, kalikonse kotalika masentimita 91. Cozizwitsa ndi cakuti naonso tsiku lao linali 7 August. Pa tsikulo m'caka ca 1991 ku Zurich anathamanga masekondi 47.10, ndipo panapita zaka zoposa 30 popanda wothamangira dziko la mu Africa woposa pamenepo. M'mwezi womwewo ku Tokyo anagonjetsa akatswiri a dziko lonse lapansi natenga golide. Anatenganso siliva ku Stuttgart mu 1993 ndi ku Gothenburg mu 1995, golide wa Commonwealth mu 1994, ndi siliva wa Olympic ku Atlanta mu 1996, kumbuyo kwa Derrick Adkins wa ku America.

Pa mkangano wakuti wamkulu ndani pa awiriwa, akulu-akuluwo ali ndi mfundo yolimba. Kukhala pakati pa opambana kwa zaka zisanu ndi cimodzi zotsatana ndi nchito ina, yosiyana ndi kuwala usiku umodzi kapena uwiri. Koma acinyamata naonso sanama akamati a Matete anakakhwimira ku masukulu a ku America, pamene Samukonga anasulidwa ndi mphunzitsi wa m'dziko momwe muno, a Douglas Kalembo.

Onse awiriwa asanabadwe kunali Yotham Muleya wa ku Choma. Mu December 1958 ku Salisbury, kumene tsopano ndi Harare, mnyamatayu anathamanga mamailosi atatu wopanda nsapato, nasiya kumbuyo Gordon Pirie, katswiri wochuka wa ku Britain, ngakhale kuti poyamba azungu ena anafuna kumuletsa cifukwa ca khungu lake. Anafa pa ngozi ya galimoto ku America mu 1959, ndipo mseu wina mu Lusaka umachedwa ndi dzina lake.

Cimene cimawawa mtima wa wokonda liwiro ndi kutalika kwa nthawi yodikira. Kucokera pa mendulo ya a Matete ku Atlanta kufikira ya Samukonga ku Paris panapita zaka 28, ndipo dziko lino lili ndi mendulo za Olympic zitatu zokha. Kusowa kwa ana aliwiro sindico cifukwa cake. Aliyense woonerera mipikisano ya masukulu ku Chinyunyu, ku Mpanshya kapena kwa Shikabeta amaona ana opanda nsapato akuuluka pa bwalo la fumbi lolembedwa mizere ndi phulusa kapena laimu. Opambana amapita ku zoni, kenaka ku boma ndi ku cigawo, koma nyengo ya masewerawa ikatha ambiri amabwerera ku mpira ndi ku minda, osathamanganso mpaka caka cina.

Cina cosowa ndi muyeso. Ngati bwalo silinapimidwe bwino ndipo nthawi siinalembedwe, mwana amangodziwika kuti anapambana anzake, koma palibe anganene ngati anatha masekondi 52 kapena 60, pamene aphunzitsi a liwiro a ku Lusaka amafunsa nambala imeneyo poyamba. Masiku ano foni wamba ili ndi nkoloko yowerenga masekondi, ndipo cingwe copimira sicisowa pa sukulu. Mabwalo enieni a liwiro, monga la National Heroes Stadium ndi la Olympic Youth Development Centre, ali mu Lusaka, ulendo wa maola owerengeka cabe pa basi.

Masewera a Olympic otsatira adzacitikira ku Los Angeles mu 2028, mzinda umene Keith Mwila anapatira mendulo yoyamba ya dziko lino pa nkhonya mu 1984. Pa nthawiyo Samukonga adzakhala ndi zaka 25.