Ombwe: Wothandiza Kumunda, Woletsedwa M'madzi

Ombwe, amene ena amamutcha katupe kapena mthuthu, ndi chitsamba cha m'gulu la nandolo ndi nyemba. Amatalika kupitirira munthu, masamba ndi zitheba zake zili ndi ubweya, ndipo maluwa ake amakhala oyera kapena ofiirira. Akatswiri a zomera amamutcha Tephrosia vogelii. Tiyeni tione ubwino wake ndi malire ake, makamaka ife a ku Chikwawa ndi Nsanje amene timadalira dambo la Elephant Marsh.

Ntchito zake kumunda ndi pakhomo

1. Amabwezeretsa chonde. Mizu yake imaika m'nthaka chakudya chomwe timagula mu feteleza wa urea. Masamba akewo tikawakwirira amasanduka manyowa. Tibzale kumtunda, chifukwa sakonda malo odikha madzi.

2. Amapha tizilombo. Sinjani masamba, muwaviike m'madzi usiku wonse, musefe, muthiremo sopo pang'ono ndi kupopera pa ndiwo zamasamba kuti nsabwe zife. Poperani madzulo popeza dzuwa limachepetsa mphamvu yake. Dikirani masiku angapo musanathyole ndiwo, ndipo muzitsuke bwino.

3. Amateteza ziweto ndi mbewu. Madzi omwewo amapha nkhupakupa pa ng'ombe, ndipo ufa wa masamba ouma umachepetsa anankafumbwe m'mbewu yosunga.

Kuopsa kwake m'madzi

Ombwe ali ndi poizoni wotchedwa rotenone. Akathiridwa m'thamanda, nsomba zimalephera kupuma, zimayandama. Poizoniyu sasankha: amapha mlamba waukulu, mphende ya mazira, tiana ta nsomba, ndiponso tizilombo tomwe nsombazo zimadya. Munthu mmodzi amadzaza dengu tsiku limodzi, koma mudzi wonse umasowa ndiwo miyezi yambiri.

Dambo lathu limachira pang'onopang'ono. Madzi a Shire akasefukira, nsomba zimaswana m'udzu ndi m'mabango. Akamaphwa, zotsala zimabisala m'mathamanda kudikira mvula ina. Kuthira katupe m'mathamanda amenewa n'chimodzimodzi kukazinga mbewu yobzala. Tikumbukire kuti mu 1859 David Livingstone anaona njovu mazanamazana m'damboli, ndiye chiyambi cha dzina lake. Lero njovuzo kulibe. Nsomba nazonso zikhoza kutha.

Kodi lamulo likuti chiyani?

Lamulo losamalira nsomba la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni. Wopezeka akutero akhoza kulipitsidwa kapena kumangidwa. Lamulo lomweli limalola kuti anthu a m'midzi asamalire nsomba pamodzi ndi boma, n'chifukwa chake pali makomiti a m'madoko. Mu 2017 Elephant Marsh inalembedwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi, kutsatira nyanja ya Chilwa yomwe inalembedwa mu 1996.

Udindo wathu

Ufulu wopha nsomba umayendera limodzi ndi udindo. Tisatsukire chopopera kapena ndowa ya ombwe kumtsinje. Tisagule nsomba zomwe tikudziwa kuti zaphedwa ndi katupe. Tikaona wothira, tidziwitse a mfumu, komiti ya padoko kapena mlangizi wa za nsomba, ngakhale wothirayo atakhala mbale wathu.

Mafunso okambirana pa mphakati

1. Kodi nsomba zomwe tikupha lero n'zofanana ndi za zaka khumi zapitazo?
2. N'chiyani chimatitseka pakamwa tikaona mnzathu akuthira katupe?
3. Kodi komiti ya padoko lathu inasankhidwa ndi yani, ndipo imatiuza zomwe ikuchita?