Akaidi odwala maganizo m'ndende za ku California

Dziko la United States lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chimayendetsa ndende zakezake, zosiyana ndi za boma lalikulu la ku Washington. Kafukufuku amene nthambi ya boma ya Bureau of Justice Statistics inachita m'zaka za 2011 ndi 2012 anapeza kuti akaidi 37 mwa 100 alionse anali atauzidwapo ndi akatswiri a zaumoyo kuti ali ndi vuto la maganizo. Ena mwa iwo amadwala matenda a kukhumudwa kwakukulu, amene amachotsa tulo, chilakolako cha chakudya ndi chikhumbo chokhala ndi moyo, pomwe ena amadwala schizophrenia, matenda amene amachititsa munthu kumva mawu amene ena sakuwamva ndi kukhulupirira zinthu zimene kulibe.

Gwero la vutoli lili kunja kwa mipanda ya ndende. M'chaka cha 1955 zipatala za boma za anthu odwala misala m'dzikolo zinkasunga odwala oposa 550,000, koma kutabwera mankhwala a chlorpromazine, amene amachepetsa zizindikiro za misala, komanso nkhanza za m'zipatalazo zitaululika, zigawo zinayamba kutulutsa odwala ndi kutseka zipinda zogonera. Lamulo limene Pulezidenti John F. Kennedy anasainira mu 1963 linalonjeza zipatala zazing'ono zoti odwala azikalandirirako chithandizo akuchokera kunyumba, koma zimene zinamangidwa sizinakwane, kotero kuti munthu wosokonezeka mutu anayamba kukumana ndi wapolisi asanakumane ndi dokotala.

Pa malamulo, ufulu wa mkaidi pa chithandizo cha mankhwala ndi wodziwikiratu. Mu 1976, pa mlandu wa Estelle ndi Gamble, Khoti Lalikulu la dzikolo linagamula kuti kunyalanyaza mwadala matenda aakulu a mkaidi ndi chilango chankhanza chimene malamulo oyendetsera dziko amaletsa, popeza munthu amene boma lamutsekera sangathe kupita yekha kukafuna dokotala. Koma zimene zinachitika ku California zikusonyeza kutalika kwa mtunda umene ulipo pakati pa chigamulo cha khoti ndi chipinda cha mkaidi. Akaidi odwala maganizo anasumira chigawochi mu 1990 pa mlandu wotchedwa Coleman ndipo anapambana mu 1995, komabe zaka zinapitirira kutha popanda kusintha kwenikweni, chifukwa ndende zimene zinamangidwira anthu pafupifupi 80,000 zinkasunga pafupifupi kawiri chiwerengero chimenecho. Umboni umene unafika ku Khoti Lalikulu pa mlandu wa Brown ndi Plata, wokhudza kuthithikanaku, unali womvetsa chisoni: odwala ena ankadikira chithandizo mpaka miyezi 12, akaidi ofuna kudzipha ankasungidwa m'zikwere zachitsulo zopanda chimbudzi chifukwa mabedi a odwala anali atadzaza, mipando yoposa theka ya madokotala a matenda a maganizo inalibe anthu, ndipo mu 2006 pafupifupi sabata iliyonse mkaidi mmodzi ankadzipha. Mu 2011 oweruza 5 mwa 9 anavomereza kuti chiwerengero cha akaidi chitsike kufika pa 137.5 peresenti ya malo amene ndendezo zinamangidwira, poona kuti ngakhale dokotala waluso sangachize anthu m'nyumba yopanda chipinda chomuonera wodwala payekha.

Chimene chimapweteka kwambiri odwala otere ndi chilango chotsekeredwa payekha. Mkaidi amene mutu wake sukuyenda bwino amalephera kutsatira malamulo a ndende, amakuwa usiku, amakana kutuluka m'chipinda, ndipo woyang'anira ndende amene sanaphunzitsidwe za matendawa amaona ngati ndi mwano. Zotsatira zake wodwalayo amaikidwa m'kachipinda kayekha, komwe kusungulumwa kumakulitsa matenda omwewo amene anamulakwitsa. Mu 1995 woweruza Thelton Henderson analetsa kusunga odwala maganizo m'zipinda zotere ku ndende ya Pelican Bay ku California, ndipo mu 2015 bungwe la United Nations linavomereza malamulo otchedwa dzina la Nelson Mandela, amene amaletsa kutsekera munthu payekha maola 22 kapena kuposerapo patsiku kwa masiku opitirira 15 otsatizana, komanso kutsekera wodwala amene matenda ake angakule chifukwa cha chilangocho.

Malamulo a Mandela amakhudzanso Malawi, komwe khoti linagamula mu 2009 kuti kuthithikana kwa akaidi m'ndende ndi kuphwanya ufulu wawo, ndipo phunziro la ku California n'lakuti chigamulo pachokha sichichiza munthu ngati palibe ndalama zolembera madokotala, anamwino ndi alangizi, kuyeza mkaidi aliyense pa tsiku lolowa, ndiponso kumulumikiza ndi chipatala chakwawo pa tsiku lotuluka. Ngakhale chigawo cholemera chonchi sichinakwanitsebe zimenezi. Mu 2024, patatha zaka 34 mlandu wa Coleman utayamba, woweruza Kimberly Mueller anapeza akuluakulu a ndende za California olakwa pa mlandu wonyoza khoti chifukwa cholephera kulemba ntchito ogwira ntchito za umoyo wa maganizo okwanira.