Kala-azar: odwala ambiri sawerengedwa

Chaka ndi chaka anthu aganyu miyandamiyanda amakhamukira ku minda ikuluikulu ya chitowe ku Humera ndi Metema m'dziko la Ethiopia. Ambiri amagona kumunda komweko, pa dothi lamakande long'aluka, malo okondedwa ndi tintchentche toluma usiku timene timafalitsa matenda a kala-azar.

Wodwala amatentha thupi kwa masabata angapo, amaonda, magazi amachepa ndipo kapamba amatupa. Mwa odwala 100 osalandira mankhwala, oposa 95 amamwalira.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti anthu 50,000 mpaka 90,000 amadwala matendawa pachaka, koma amene amalembedwa sakwana theka. Waganyu akabwerera kwawo amakadwalira kumudzi, abale nkumati ndi malungo. Komanso ambiri olumidwa amatenga kachilombo koma osadwala. Alimi tikudziwa kuti anankafumbwe oyenda pamwamba pa thumba ndi ochepa poyerekeza ndi ali mkati.

Nchifukwa chake ofufuza amayenda khomo ndi khomo kuyeza onse, odwala ndi athanzi omwe. Amabaya timankhwala pakhungu la mkono nkudzabweranso patapita masiku awiri kapena atatu. Pakatuluka kachotupa kofika mamilimita 5, ndiye kuti munthuyo anakumanapo ndi kachilomboka. Njira ina ndi kuyeza kadontho ka magazi ndi kachipangizo kotchedwa rK39, komwe kamayankha pa mphindi zochepa. Akayezanso anthu omwewo chaka chinacho, amadziwa kuchuluka kwa amene atenga kumene. Ana aang'ono akapezeka nako, nchizindikiro chakuti tintchentcheti tikuluma pafupi ndi makomo.

Kuchedwa kuwerenga kunapweteketsa anthu a ku Western Upper Nile, dera limene lero lili m'dziko la South Sudan. Mliri unayamba mu 1984 nkhondo ili mkati, ndipo unatha zaka akunja osaudziwa. Madokotala a bungwe la MSF atafunsa otsala za abale awo, anapeza kuti pofika 1994 anthu pafupifupi 100,000 mwa anthu 280,000 anali atamwalira.

Dziko la Bangladesh linasamala kawerengedwe. Kwa zaka zitatu zotsatizana, odwala m'dera lililonse sanafike mmodzi pa anthu 10,000, ndipo mu 2023 bungwe la WHO linavomereza kuti kala-azar wagonja kumeneko.